Anafufuta Dzina la Mpheta

"Bwerezani, alamu, mwina makutu anga ndi amene alakwa. Mukuti pafonipo ndikanene kuti ndine mkazi wa yani?"

"Musakuze nkhani, mlamu," anatero a Tayi uku akukonza tayi yawo ija, yomwe siichoka pakhosi ngakhale tsiku lokumba dzenje la zinyalala. "Ndi mawu chabe. Akakufunsani kuti ndinu mkazi wa bambo awa, inu muti eya. Akati mawu ali mu pulogalamuyi ndi anu ndipo munalola, inu muti eya. Basi. Tiyi asanazizire nkhani yatha."

"Dothi la pamanda a mng'ono wanu silinatsike n'komwe."

"Ndani wanena za ukwati? Ine mkazi ndili naye, ndi mapasa pamwamba."

Anali atatu m'chipinda chochezera chomwe tsopano chinkachita kubweza mawu chifukwa chosowa katundu. Mipando yofewa, tebulo, kabati ya zovala ndi laputopu ya malemu zinakwera galimoto sabata ya maliro isanathe, ati kukasungidwa kwa a Tayi. Kusungako kunali kwa mtundu wake, poti mipandoyo ankaikhalira tsiku ndi tsiku. Chotsala chinali benchi, pomwe anakhala a Tayi, ndi mpando umodzi wapulasitiki womwe anapatsa amayi awo. Mwini nyumba, mkazi wa malemuyo, anaima chotsamira khoma. Chimwalirireni mwamuna wake anthu ankangomuti Namfedwa, ngati dzina lake analiika m'bokosi momwemo.

"Mwana wanga, tiyeni timvane," anatero apongozi ake mofatsa. "Ine za makompyuta sindizidziwa, maso omwewa anandithawa kalekale. Chomwe ndamva n'chakuti mlamu wanuyu wapeza ntchito, ndipo ntchitoyo yatsamira pakamwa panu. Chibale n'fupa, sichiola."

"Amayi, afunseni anaipeza bwanji ntchitoyo."

"Ndinaipeza ndi mutu!" anakalipa a Tayi.

"Mutu wa yani?"

Nkhani yake inali iyi. Malemu, yemwe mayi ake anamutcha Mpheta ali wamng'ono chifukwa chodya mojompha pang'onopang'ono, anali wolemba mapulogalamu a kompyuta. Akaweruka kuntchito ankathandiza gulu lina la anthu odzipereka, obalalika m'mayiko ambiri, amene amapanga pulogalamu yowerengera anthu osaona bwino zolembedwa pafoni. Pulogalamuyo siigulitsidwa. Aliyense amaitenga, kusuzumira m'kati mwake, kuikonza, n'kubwezera gululo zomwe wakonzazo. Koma inkalankhula zilankhulo za eni ake okhaokha, ndipo Mpheta anafuna kuti ilankhulenso chathu, kuti mayi ake asamayende ndi foni m'manja kufunafuna wowawerengera uthenga. Sanawauze, ankafuna adzangowadzidzimutsa. Mizere ya malangizo, imene eni ntchito amati khodi, ankalemba yekha. Mawu anali a mkazi wake. Masana a Lamulungu ankamulowetsa m'kabati ya zovala kuti phokoso la panja lisalowe, n'kumupatsa ziganizo aziwerenga mpaka kukhosi kuume. Matenda anamutenga ntchito itatsala pang'ono kutumizidwa.

A Tayi, amene amakonza makompyuta a anthu pakhonde la sitolo ina, anaipeza ntchitoyo m'laputopu muja. Anafufuta dzina la Mpheta pamwamba pa tsamba lililonse, n'kulembapo lawo, n'kutumiza. Gululo lili ndi lamulo lakuti wotumiza khodi atsimikize kuti anailemba yekha, kapena kuti mwini wake walola. A Tayi anatsimikiza osaphethira. Kampani ina itaona dzina lawo pa ntchito yokongola chonchija inawatenga kuti iwayese. Chomwe anaiwala n'chakuti mawu nawo ali ndi mwini. Atafunsidwa kuti mayi akulankhula mu pulogalamuyo ndani, lilime linathamanga n'kuyankha kuti ndi akazi awo. Ndiye gululo linati chabwino, timve kuchokera pakamwa pa mayiwo.

"Mlamu, tiyeni tinene zoona," a Tayi anatsitsa mawu. "Laputopu ija ndi katundu wa m'bale wanga, ndipo wamkulu pabanja pano ndine. Wotenga mbuzi watenga ndi mwana ali m'mimba yemwe. Ntchito ija ikanaolera momwemo. Ine ndinaitola, ndinaipukuta fumbi, ndinaitumiza. Ndalakwa chiyani?"

"Munandifunsa?"

"Ndikufunseni chiyani? Inu khodi mumaidziwa?"

"Khodi sindiidziwa. Koma thukuta la m'kabati muja ndimalidziwa, ndipo msana wa mng'ono wanu utapindika patebulo paja ndimaudziwa. Safunsa anadya phula, alamu."

A Tayi anaimirira n'kukutumula thalauza lawo ngati benchi ija yawadetsa.

"Nyumba ino ili pamalo a bambo athu. Sindikukuopsezani ayi, ndikungokukumbutsani. Anthuwo aimba Loweruka la sabata yamawa. Muganize bwino."

Patapita masiku angapo Namfedwa anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala pamene anamva kutsokomola komwe aliyense pabanjapo amakudziwa. Anali Make Mapasa, mkazi weniweni wa a Tayi, mayi wa mawu okhuthala amene akaitana ana ake ngakhale ana a eni amabwera.

"Mnzanga, ndabwera ndekha, sananditume," anatero uku akutola malaya m'beseni n'kuyamba kuthandiza. "Mukudziwa kuti anayamba ayesa ine? Anandilowetsa m'kabati yanu ija, chitseko gwa, ati ndizitsanzira mawu anu. Ine mawu angawa! Ndangoti 'Muli ndi uthenga watsopano,' mphaka anathawa m'nyumba."

Namfedwa anaseka, koyamba chichokereni kumanda, mpaka anagwira chingwe cha zovala. Make Mapasa naye anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mphuno.

"Zikundipweteka, musaone ngati sizikundipweteka. Mwamuna wanga akupempha mkazi wina kuti akhale ine, ine ndili pomwepo. Koma taonani, mnzanga. Chiyambireni ntchitoyi bambo aja amabwera kunyumba akuimba nyimbo. Ana amapita kusukulu atavala nsapato zosang'ambika. Tangonenani eya. Ine nditseka makutu."

"Ndikanena eya, kenako?"

"Kenako basi. Moyo upitirira."

"Upitirira kwa inu. Ine mawu anga adzakhala m'mafoni a anthu, m'mawa ndi masana, akuchitira umboni kuti mwamuna wanga sanalembe kanthu. Anthu ena amasiya ana, ena amasiya nyumba zamalata. Iye anasiya chimenechi. Mipando anatenga, sindinalankhule. Kabati anatenga, zovala zanga zili m'makatoni, sindinalankhule. Tsopano akuti ndimukwirire kachiwiri ndi pakamwa panga."

Make Mapasa anafinya thaulo kwa nthawi yaitali, ngakhale madzi anali atatha kale.

"Nanga akakutulutsani m'nyumba muno mupita kuti?"

"Sindikudziwa," anayankha Namfedwa, ndipo sananame. Mantha anali nawo, ochuluka ndithu. Ntchito yake yoyankha mafoni pa ofesi ya mabasi si yoti munthu angapezere nyumba ina msanga.

Kutatsala masiku awiri anabwera apongozi, ndodo kudzanja lina, foni kudzanja lina.

"Yalira m'mawa uja. Tandiwerengereni, mwina ndi akuchipatala."

Analidi akuchipatala, kuwakumbutsa tsiku lokatenga mankhwala a m'maso. Namfedwa anawerenga bwinobwino, n'kubwereza tsikulo kuti asaiwale. Mayiwo anabweza foni m'kathumba kawo koma sananyamuke.

"Mwana wanga, musaganize kuti sindimudziwa mlamu wanuyu. Ndinamubereka ndine. Ali mwana ankavala nsapato za mng'ono wake n'kumati zamuchepera mwini wake. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinabereka awiri, mmodzi ndakwirira. Wakufa samva njala, wamoyo ndiye amadya. Dzina n'chiyani? Dzina salimira."

Mawu anafika pamlomo pa Namfedwa, akuti, amayi, ntchito imeneyi ankapangira inu. Koma anawameza. Mkazi wamasiye akauza mayi zoipa za mwana wake wotsala, mawa lake amakhala iye ndi amene akupasula banja. Anangoti:

"Loweruka ndibwera. Koma inunso mukakhalepo, amayi."

"Ambuye akudalitseni," anatero mayiwo, poyesa kuti amenewo ndiwo eya aja.

Loweruka m'mawa nyumba ya a Tayi inali itakolopedwa ngati kukubwera alendo ochokera kutali. Namfedwa analowa n'kukhala pa mpando wake womwe, umene unali ndi kachigamba kumkono komwe anasoka yekha. Laputopu ya Mpheta inali pa tebulo la Mpheta. Apongozi anakhala pambali, ndodo pakati pa miyendo, ndipo Make Mapasa anaima pakhomo la kukhitchini ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. A Tayi anavala tayi yatsopano.

Pagalasi la laputopu panaoneka bambo wandevu zambiri, mmodzi wa oyang'anira pulogalamuyo, amene gululo linamusankha chifukwa amalankhula chathu. Atapereka moni anati:

"Pepani pokuvutitsani, mayi. Si kuti timakayikira anthu ayi. Kungoti pulogalamu yathuyi imapita m'manja mwa anthu ambiri, ndiye chilichonse cholowa muno chimayenera kulowa ndi chilolezo cha mwini wake. Tikamangira njerwa ya eni, tsiku lina mwini adzaifuna, ndipo tidzagwetsa khoma lonse. Ndiye ndifunse. Mawu ali mu ntchitoyi ndi anu?"

"Ndi anga."

"Ndawazindikiradi. Ndipo inu ndinu mkazi wa bambo awa?"

A Tayi anamwetulira n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi wothandiza mwana pa mayeso. Namfedwa anayang'ana kachigamba kaja.

"Ayi, bambo. Awa ndi alamu anga. Mwamuna wanga anali mng'ono wawo, ndipo ndiye analemba zonsezo. Mwina munkamudziwa. Ankadzilemba kuti Mpheta."

Wandevu uja anavula magalasi.

"Mpheta? Mpheta wathu yemweyu? Takhala tikumulembera miyezi yonseyi, osayankha. Timati mwina ntchito yamuchulukira."

"Tinamuika m'manda mvula isanayambe."

A Tayi anatambasula dzanja kuti atseke laputopu, koma ndodo ya amayi awo inagogoda mwendo wa tebulo.

"Chotsa dzanja. Munthu akutchula mwana wanga."

Wandevu anavalanso magalasi ake. Atayambanso kulankhula mawu ake anali otsika.

"Pepani kwambiri, mayi. Anali munthu wosakonda kudzionetsa, koma ambiri a ife anatithandiza. Ndiye zikatere, zomwe anatsimikiza bambowa zagwa. Kukhala ndi laputopu ya munthu si kukhala mwini wa zomwe analemba. Ntchito yonseyi tiyenera kuichotsa, pokhapokha amene malemu anawasiya atalola kuti ikhale. Za mapepala tidzakambirana pambuyo, koma tiyambe tamva mtima wanu."

"Ndikalola, zikutanthauza chiyani?"

"Aliyense padziko angaitenge kwaulere. Angaigwiritse ntchito, angaisinthe, angaphunzirirepo, angapezerepo ntchito. Laisensi yathu, lamulo lomwe timaperekera ntchitoyi kwa anthu, imapempha chinthu chimodzi chokha, kuti dzina la wolemba lisachotsedwe."

"Aliyense? Ngakhale alamu angawa?"

"Ngakhale iwo. Akanatumiza n'kunena kuti iyi ndi ntchito ya malemu mng'ono wanga, banja lalola, ine ndangomalizitsa, tikanalemba maina onse awiri."

Namfedwa anatembenukira kwa a Tayi. Sanakweze mawu.

"Mwamva, alamu? Mwathyola zenera pa nyumba yomwe chitseko chinali chotsegula. Zonsezi zikanakhala zanu ngati mmene zilili za aliyense. Chimodzi chokha sichinali chanu, ndiye chimene munakhudza."

A Tayi anamasula tayi yawo, chinthu chomwe ngakhale Make Mapasa sanachionepo masana.

"Inu simungamvetse," anatero akuyang'ana pansi. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikupukuta fumbi m'makompyuta a anthu, kwinaku ndikumva Mpheta, Mpheta. Ndinangofuna kamodzi kokha anthu anditchule ine. Kampani ija ikamva, ndatha."

Namfedwa anawamvera chisoni, chenicheni ndithu, koma chisonicho sichinasinthe kanthu. Anayang'ananso pagalasi.

"Bambo, mawu anga ndalola, atengeni. Za khodi ndalolanso. Koma sindine ndekha amene anandisiya. Mayi ake ali pano. Afunseni nawonso."

Apongozi anaweramira kutsogolo, kuloza nkhope komwe kunkachokera mawu.

"Ndisanayankhe, wina andiuze. Chinthu chimene mukukanganirachi chimachita chiyani?"

"Chimawerengera munthu wosaona bwino zolembedwa pafoni, mayi," anatero Wandevu. "Mwana wanu anachiphunzitsa kulankhula chathu."

"Wosaona bwino?"

"Ankapangira inu, amayi," anatero Namfedwa, ndipo apa misozi inamugonjetsa. "Ankati mwatopa n'kupempha anthu. Ankafuna adzakuikireni mufoni osakuuzani, kuti tsiku lina idzangolankhula muli nokha, iye atabisala kuseri kwa chitseko akuseka."

Mayiwo anatembenukira komwe kunali mwana wawo wamkulu, ndipo analankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga.

"Iwe. Unandiuza kuti ndi nkhani za makina. Chiikireni maliro ndakhala ndikukupempha kuti ukaike mwala pamanda paja, palembedwe dzina, iwe ukuti tidikire, tidikire. Mwana wanga wagona pansi popanda chizindikiro. Ndiye kumene analilemba yekha dzinalo, ndi manja ake, iwe wapita kukalifufuta?"

"Amayi..."

"Usandiyankhe. Ine ndemwe ndinati dzina salimira. Ndinanena ndi pakamwa pangapa, ndipo ndikuchita manyazi." Anakweza nkhope kuloza ku laputopu. "Bambo inu, mukundimva? Kupatsa n'kuika. Ipite kwa anthu, iwathandize. Koma ipite ndi dzina limene ndinamupatsa ine. Ndipo alibwezeretse ndi yemweyu, tsamba lililonse, ndi zala zomwe anafufutira."

A Tayi analibwezeretsa tsiku lomwelo, amayi awo atakhala pambali, ndodo ili pamiyendo.

Kampani ija inamva, monga zimamvekera nkhani zotere, ndipo mwezi usanathe a Tayi anabwerera pakhonde la sitolo paja. Make Mapasa akakumana ndi Namfedwa panjira amapereka moni ndi theka la pakamwa, ndipo Namfedwa samuimba mlandu, poti nsapato za ana sizidziwa za laisensi. Mipando siinabwerere. Inabwerera kabati yokha, atalamula apongozi. Za nyumba palibe anazitchulanso, chifukwa mayiwo anayamba kuswera komweko pa mpando wapulasitiki uja, ndipo wofuna kutulutsa Namfedwa akanayenera kuyamba wanyamula iwo.

Ntchitoyo itatuluka Namfedwa anaiika mufoni ya apongozi ake n'kuwaphunzitsa pogwira. Anawaonetsa mauthenga, anawaonetsa nthawi, kenako anawatengera chala kukafika pamene pamanenedwa amene anapanga. Foni inalankhula ndi mawu a mpongozi wawo, odekha, ochokera m'kabati muja:

"Wolemba gawo la chilankhulo chino, Mpheta."

"Bwerezani," anatero mayiwo.

"Gwirani nokha, amayi. Ndi apa."

Anagwira okha, ndipo inabwereza.

Masiku ano foni ikalira sathamangiranso kwa anthu. Amaitulutsa m'kathumba, n'kuisendeza kukhutu. Koma Namfedwa akaweruka amapeza mauthenga ataunjikana osatsegulidwa, a kuchipatala, a kutchalitchi, ngakhale a a Tayi omwe. Akawafunsa, mayiwo amayankha osachita manyazi:

"Ndiwamvera, asathamange. Amoyo angadikire. Ndiyambe ndamva mwana wanga."